Liwu loti panic linandidyera miyezi 14 ndi ndalama zofolera nyumba

Ndinafika ku Joni mu 2017 ndi chikwama chimodzi komanso Chingerezi cha Fomu 2. Kwathu ndi ku Ntcheu. Alamu anga, omwe anatsogola kubwera kuno, ndi amene anandipezera ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pakhomo pa azungu ena achikulire kufupi ndi Randburg, ndipo ndinapatsidwa kachipinda kuseri kwa galaja. Tsiku loyamba lomwelo abwana anandilozera kabatani kofiira pakhoma, pambali pa chitseko changa. Anati dzina lake ndi panic button, ndipo ndikadzaona wakuba ndidzangokadina, alonda a mfuti adzafika msangamsanga. Ndinavomera ndi mutu. Mumtima ndinangoti panic ndi dzina la kampani ya alondawo, monga mmene kwathu mankhwala otsukira mano aliwonse timangowatchula kuti Colgate.

Liwuli ndinadzalimvanso mu Malichi 2020, Pulezidenti Cyril Ramaphosa atalengeza kuti dziko litsekedwa chifukwa cha Covid-19. Anthu anakhamukira m'masitolo n'kusesa mpunga, mafuta ophikira ndi mapepala a kuchimbudzi, mashelefu kutsala mbee. Pa TV ankangoti panic buying. Apa ndiye ndinati ndalimvetsa tsopano, si kupanika kwathu komwe kuja? Kwathu munthu zikamuthina, ngongole zikamuzinga, kapena mwana akadwala m'thumba mulibe kanthu, timati wapanika kapena wapanikizika. Mawuwa amamveka ngati pachibale, choncho sindinaone chifukwa chofunsira munthu. Ndinafika pomaligwiritsa ntchito ndithu. Ndikafuna kutapako malipiro mwezi usanathe, ndinkapita kwa abwana n'kunena kuti "I am panicking", iwo n'kundiyang'ana modabwa, koma ndalama n'kundipatsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Langa ndinadzalidya patapita zaka ziwiri.

Mu Meyi 2022, Loweruka lina madzulo, ndikuchokera ku ganyu imene ndinkagwira kumapeto kwa sabata kumbali ina ya mzinda, anyamata atatu ananditchingira pafupi ndi pokwerera matakisi m'tauni. Wina anandikoleka mkono m'khosi, wina anandigunditsa mpeni m'nthiti, wachitatu n'kumapisa m'matumba. Anatenga foni ndi R600. Zonsezi sizinatenge ngakhale mphindi imodzi, ndipo sanandivulaze. Mawa lake kutchalitchi ndinkaifotokoza nkhaniyi ndikuseka, anzanga n'kumati Joni wandilonjera mochedwa, ena anawalonjera tsiku lofika lomwelo. Ndinagula kafoni kena kakale, moyo n'kumapitirira.

Patatha masabata atatu ndinali m'takisi mumsewu wa Jan Smuts, pampando wakumbuyo kwenikweni, titathithikana anthu anayi. Mtima unangoyamba kugunda ngati ndakwera phiri chothamanga. Panalibe chimene chinachitika. Dalaivala ankayendetsa bwinobwino, wailesi ikuimba, mayi wa pambali panga akudya tchipisi. Koma ine thukuta linali kamukamu, m'kamwa gwa, pachifuwa ngati andisanjika thumba la simenti. Ndikati ndikoke mpweya, unkathera pakhosi. Zala ndi milomo zinachita dzanzi, zinthu zinayamba kuoneka ngati zili patali, ndipo m'mutu munatsala ganizo limodzi lokha, lomveka ngati wina akundinong'oneza: ukufa, ufera m'takisi muno, ndipo anzako achita kusonkherana kuti mtembo wako ukafike ku Ntcheu. Ndinakuwa kuti nditsike. Ndinatsikira ku Rosebank n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu ngati chidakwa. Patatha mphindi 15 kapena 20 zonse zinaphwa, n'kungotsala kufooka ndi manyazi. Ndinayenda wapansi maola awiri mpaka kunyumba.

Zinabweranso usiku ndili mtulo, kenako pamzere wolipirira m'sitolo. Kachitatu aka ndinasiya basiketi pansi n'kuthawira panja. Ndinapempha tsiku kwa abwana n'kupita kukiliniki ya boma. Ndinaima pamzere kuyambira 6 koloko m'mawa, n'kuonana ndi nesi cha m'ma 11. Shuga anali bwino, BP itangokwera pang'ono, ndipo atamva za kupweteka kwa pachifuwa ananditumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anandimata timawaya pachifuwa kuti aone kagundidwe ka mtima, chimene amati ECG, ananditenganso magazi. Dzuwa litapendeka, dokotala wina wachinyamata, wooneka kuti watopa, anayang'ana mapepala aja n'kunena kuti, "Your heart is fine. These are panic attacks." Anandifunsa ngati pali chimene chikundisowetsa mtendere, kenako anandilembera kalata yoti ndikaonane ndi a zamaganizo.

Zimene ndinamva ine ndi izi: mtima wako uli bwino, wangopanika basi. Ndinapsa mtima. Ndani sapanika ku Joni? Ndataya tsiku lathunthu kuti andiuze kuti ndili ndi mavuto a ndalama? Nditatuluka panja n'kuyang'ana kalata ija, diso linagwera pa liwu loti mental. Liwu limenelo ndinkalidziwa, chifukwa kwathu aliyense amadziwa za ku mentolo ku Zomba. Ndiye kuti dokotalayu akundiyesa wamisala? Kalatayo ndinaing'amba n'kuiponya m'bini pageti pomwepo.

Ndikaganiza lero, dokotala uja analakwa chimodzi chokha, kufulumira, ndipo panja panali mzere wa anthu ofuna kumuona. Zambiri zinali zanga. Ndinayankha kuti "yes doctor" katatu konse pamene sindinamve kanthu, poopa kuoneka mbuli. Za achifwamba aja sindinamuuze, chifukwa sindinkaona kugwirizana kwake ndi mtima. Inu amene muli kunja kuno ndipo Chingerezi chanu ndi chogulira buledi ngati changa, musatuluke m'chipinda cha dokotala musanamve dzina la vuto lanu. Muuzeni alilembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, afotokozenso ndi mawu ophweka, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi mnzanu wodziwa chilankhulocho. Mphindi ziwiri za manyazi zikanandipulumutsa ku zonse zimene ndikufuna kufotokozazi.

Poyamba ndinapita kwa dokotala wolipira, poganiza kuti a boma sanandiyeze bwino. Anandiyezanso mtima, R1,100 n'kupita, yankho n'kukhala lomwelija. Nayenso anatchula panic, ine n'kungoti azungu onsewa anaphunzira sukulu imodzi. Apa anzanga anayamba kundiunikira njira ina. Kumudzi ndinali nditaotcha njerwa, khoma litafika pa mawindo, ndipo ndinkasunga ndalama za malata. Iwo anati, achimwene, matenda osaoneka pa makina ndi a kumudzi, wina sakukondwa ndi nyumba yanuyo. Anandiperekeza kwa sing'anga wina wa kwathu konkuno. Ananditema mphini pachifuwa ndi pamsana, n'kundipatsa mizu yosamba. Ndinalipira R1,500.

Chimene chinandikola ndi chakuti nditachoka kumeneko ndinakhala masabata awiri osadwala. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Zitabweranso, sing'anga anati mdani wawonjezera mphamvu, ndiwonjezere R800. Kenako kunabwera mafuta odzozedwa ndi madzi a m'botolo kuchokera kwa mlaliki wina, R450, ndipo nazonso zinaoneka ngati zagwira kwa masiku angapo. Patapita nthawi m'pamene ndinadzadziwa kuti vutoli limabwera n'kupita lokha, nthawi zina kangapo pasabata, nthawi zina mwezi wathunthu zii. Chilichonse chimene wamwa kapena kudzola tsiku loti layamba kupuma, chimatenga ulemu womwe si wake.

Choipa kwambiri sichinali ndalama. Sing'anga uja ananena kuti wondichita ndi mwamuna wachikulire wa kuchikazi, ndipo ine ndinaloza amalume anga, munthu amene anandilipirira fizi ya Fomu 1 atagulitsa mbuzi. Ndinasiya kuyankha foni yawo. Akatumiza moni kudzera kwa mayi, ndinkangoti ndamva.

Pa nthawiyi moyo wanga unayamba kuchepa ngati malaya ochapidwa ndi madzi otentha. Takisi ndinasiyiratu kukwera, ndiye ganyu ya Loweruka ija, ya R300 pa tsiku, inatha. Kusitolo ndinkapita m'mawa kwambiri kusanadzaze anthu. Kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi khomo, kenako ndinasiya. Usiku ndinkaopa kugona, masana n'kumasinza, choncho ndinayamba kumwa khofi wowirira ndi zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu zija, ziwiri kapena zitatu pa tsiku. Madzulo ndinkathira mowa pang'ono kuti mtima ukhale pansi. Sindinkadziwa kuti ndikuthira palafini pamoto. Khofi ndi zakumwa zimenezi zili ndi caffeine, amene amathamangitsa mtima, ndipo mowa umakugoneka usiku koma m'mawa umakudzutsa uli ndi nthumanzi yoposa ya dzulo.

Mu Disembala 2022 ndinaganiza zopita kumudzi, kuti ngati n'kufa ndikafere pafupi ndi mayi. Ulendo wonse unandidyera pafupifupi R5,000. Pa Beitbridge, basi itaima maola ambiri padzuwa, zinandigwira. Mayi wina wa ku Mangochi amene tinakhala limodzi anandithira madzi kumutu uku akupemphera, anthu ena n'kumati ndi khunyu, ena n'kumati malungo. Tinadutsa Harare, Nyamapanda ndi Tete ndili chigwirire mpando wakutsogolo. Chodabwitsa n'chakuti kumudzi, kumene amati kuli mfiti yangayo, ndinagona tulo tabwino masabata atatu. Zinangondigwira kamodzi, m'minibasi yodzaza popita kumsika wa Lizulu. Munthu woganiza bwino akanaona kuti mdani wanga amakonda magalimoto odzaza kuposa mudzi, koma ine sindinaone. Amalume anabwera kudzandiona atanyamula nkhuku, ine n'kunamizira kuti ndagona.

Nditabwerera ku Joni zinapitirira chimodzimodzi mpaka mu Ogasiti 2023. Chaka chimenecho magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse. Usiku wina wozizira, cha m'ma 2 koloko, ndinadzidzimuka mumdima wa bii, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Ulendo uno ndinatsimikiza kuti kwatha. Foni inali itazima. Ndinakwawa mpaka pachitseko, dzanja n'kufufuza pakhoma, ndipo kabatani kamene ndinakhala nako zaka 6 osakakhudza ndinakadina. Alamu imayendera batire, choncho inalira mtunda wonse. Posakhalitsa galimoto ya alonda inafika, amuna awiri a mfuti ndi matochi n'kuzungulira bwalo lonse. Wakuba sanamupeze. Anapeza ine, nditakhala pakhomo ndi kabudula yekha, ndikunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa. Mapepala anga anali bwino, komabe mlendo ndi mlendo, ndinkangoti ntchito yatha basi.

Adona anatuluka atafunda gauni. Anawauza alonda aja kuti azipita, anatembenuza ndowa n'kukhalapo moyang'anizana nane. Sanandifunse zambiri. Anati ndiziwatsanzira kupuma, kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, n'kuutulutsa motalikirapo ngati ndikuuzira phala la mwana. Ankawerenga mokweza, ine n'kumatsatira. Zitayamba kuphwa anandifunsa ngati madokotala anandionapo mtima. Ndinati kawiri. Anafunsa kuti anati chiyani. Ndinati amangonena kuti panic. Adona anayang'ana kabatani kaja, anayang'ana ine, n'kuseka pang'ono, kuseka kopanda chipongwe. Anati ndiye kuti ndadina batani loyenera.

M'mawa mwake anandiitanira kukhitchini, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. Adonawa anali mphunzitsi wa Chingerezi asanapume, ndipo patebulo panali dikishonale yaikulu yothothoka chikuto. Anandiuza kuti iwonso zinkawagwira atangobereka mwana woyamba, moti anakhala nthawi yaitali osayendetsa galimoto. Kenako anandifunsa kuti ndimaganiza kuti panic ndi chiyani. Nditawafotokozera za kupanika kwathu, anagwira pakamwa. Anati tsopano amvetsa chifukwa chake amuna awo ankadabwa kuti mnyamatayu amanena kuti akufa ndi mantha pa 20 mwezi uliwonse, koma nkhope ili phee.

Zimene ndinaphunzira patebulo limenelo ndi izi. Panic alibe chibale chilichonse ndi kupanika. Ndi mantha ogwa mwadzidzidzi, amphamvu moti nzeru zimabalalika, munthu n'kuchita zinthu asanaganize. Liwuli linachokera kwa Agiriki akale. Iwo anali ndi mulungu wawo wa abusa ndi nkhalango dzina lake Pan, wa miyendo ndi nyanga za mbuzi, ndipo ankakhulupirira kuti ziweto zikangodzidzimuka kutchire n'kumwazikana popanda chooneka, ndiye kuti Pan wakuwa. Liwulo linadutsira m'Chifalansa n'kulowa m'Chingerezi zaka pafupifupi 400 zapitazo. Adona atafika pamenepa tsitsi linandiimirira, chifukwa ine ndinakula ndikuweta mbuzi. Ndikudziwa mmene zimachitira. Zonse zikudya mwakachetechete, imodzi n'kutukula mutu, basi gulu lonse balala, iwe n'kuyang'ana uku ndi uku osaona fisi kapena galu. Ndi zimene zinkachitika m'chifuwa mwangamu.

Anandisiyanitsiranso mawu amene ine ndinkangowaunjika pamodzi. Fear ndi mantha wamba, oopa chinthu chimene ukuchidziwa, monga njoka kapena mpeni. Worry ndi anxiety ndi nkhawa, ija imakudya pang'onopang'ono masiku ambiri, ya lendi, ya pemiti, ya odwala kumudzi. Panic ndi wa kanthawi kochepa koma amagwetsa munthu, ndipo amatha kugwira gulu lonse nthawi imodzi, chija timati chipwirikiti, monga anthu akamapondana pothawa moto m'holo. Panic buying ija sikunali kugula kwa anthu ovutika ayi, kunali kugula kwa anthu amene mantha awalanda nzeru. Mzungu akakuuza kuti "don't panic" sakukunyoza kuti ndiwe wamantha, akungoti mtima m'malo, usajijirike. Ukanena kuti "I panicked" ukutanthauza kuti unabalalika n'kuchita zosaganiza, mwina kuthawa kapena kuponda mafuta m'malo mwa buleki. Kupanika kwathu kuja, kwa ndalama ndi mavuto, Chingerezi chake ndi "I am under pressure" kapena kungonena kuti "I am broke". Monga mphunzitsi, sanalephere kundionetsa kalembedwe: liwuli limathera ndi c, koma polemba panicked ndi panicking amaikapo k kuti c uja asamveke ngati s.

Ndiye panali mawu awiri aja a dokotala. Panic attack si kunena kuti munthu ndi wamantha, komanso si misala. Ndi dzina la chinthu chimene madokotala amachidziwa bwino, mantha oopsa ogwira thupi lonse popanda choopsa chooneka, amene amafika pachimake m'mphindi zochepa n'kuphwa okha. Zikamabwerezabwereza mpaka munthu kuyamba kukhala mwamantha podikira tsiku lina, n'kumapewa malo ndi zinthu monga ndinkachitira ine, amazitcha panic disorder. Dokotala uja anandipatsa dzina lenileni la vuto langa mu Juni 2022. Ine ndinalimva mu Ogasiti 2023.

Ndisanapitirire, pali chimene sindikufuna kuti wina achimve molakwa. Kupweteka pachifuwa ndi kubanika si zoti munthu azidziyeza yekha n'kunena kuti ndi panic basi. Matenda a mtima enieni, mphumu, shuga wotsika ndi vuto la chithokomiro zimatha kuoneka chimodzimodzi. Ngati n'koyamba, kapena ululu ukutsikira kumkono ndi kunsagwada, kapena wakomoka, kapena zayamba ukugwira ntchito yolemetsa, thamangira kuchipatala. Kuno ku South Africa nambala ya ambulansi ndi 10177, ndipo pa foni ya m'manja 112 imagwira. Ine kuyezetsa mtima koyamba kuja sindinalakwitse. Ndinalakwitsa kukana yankho.

Adona anandipatsa nambala ya bungwe lotchedwa SADAG, lothandiza anthu a nkhawa ndi matenda a maganizo, limene linayambitsidwa mu 1994 ndi mayi wina, Zane Wilson, yemwe naye anavutika ndi panic zaka zambiri. Ndinaimba ndikuchita manyazi, koma munthu amene anayankha sanadabwe ndi chilichonse chimene ndinanena. Anandilimbikitsa kubwerera kukiliniki. Ndinabwerera, nditanyamula pepala lolembedwa mawu awiri aja, ndipo ulendo uno ndinafotokoza zonse, za mpeni, za takisi, za zitini, za mowa. Ndinadikira masabata atatu kuti ndionane ndi nesi wa zamaganizo. Sindinalipire kalikonse.

Nesiyo ndi amene anandimasulira zimene thupi limachita. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timatulutsa adrenaline munthu akakumana ndi choopsa. Ameneyu amathamangitsa mtima, amafulumizitsa kupuma, n'kukankhira magazi kuminofu kuti uthawe kapena umenyane. Tsiku la achifwamba lija thupi linachita bwino kutero. Vuto n'lakuti kuchokera pamenepo linayamba kuliza alamu pena paliponse pamene ndathinidwa ndi anthu, ngati alamu ya pabwalo pathu imene imalira chifukwa cha mphaka. Dzanzi la m'zala ndi chizungulire, zimene ine ndinkati ndi imfa ikulowa, zimabwera chifukwa chopuma mofulumira kwambiri, mpweya wa carbon dioxide n'kuchepa m'magazi. Ukaona dzanzilo umaopa kwambiri, ukaopa umapumanso mofulumira, zinthu n'kumangozungulira. N'chifukwa chake kupuma kwa adona kuja, kotulutsa mpweya pang'onopang'ono, kunathandiza.

Anandiyambitsa mankhwala otchedwa fluoxetine, kapisozi mmodzi m'mawa uliwonse. Anandichenjeza kuti sagwira msanga, ndipo masiku oyamba ndikhoza kumva ngati zikuipiraipira. Zinaterodi. Masabata awiri oyamba ndinali ndi nseru, tulo tosowa, mtima uli m'mwamba, moti akanapanda kundiuziratu ndikanawataya. Kusintha ndinayamba kukuona cha m'sabata yachisanu. Ndinafunsapo za timapiritsi togonetsa timene mnzanga wina ankagula mwamseri, nesi n'kukaniratu, amvekere amenewo amaziziritsa lero koma thupi limawazolowera, kuwasiya n'kukhala nkhondo ina. Zitini zija ndinasiya, khofi ndinatsala ndi kapu imodzi.

Ntchito yovuta kuposa mankhwala inali kubwerera m'takisi. Nesi anati ndikamathawa, thupi limatsimikiza kuti m'takisi mulidi imfa. Tinapangana kuyamba pang'ono. Sabata yoyamba ndinkangoima pamalo okwerera n'kumaonerera. Kenako ndinakwera pampando wa pafupi ndi chitseko, n'kutsika patangopita mtunda wochepa. Tsiku limene zinandigwira ndili m'kati n'kusankha kusatsika, ndinapuma monga anandiphunzitsira, ndikuwerenga magalimoto ofiira amene tinkadutsana nawo, thukuta likutsika m'msana. Tisanafike ku Hyde Park zinali zitaphwa. Ndinatsika miyendo ili lendelende, koma ndinadziwa kuti chinachake chathyoka, ndipo si ine.

Ndinapunthwanso kamodzi. Patatha miyezi itatu ndinadziona kuti ndachira, n'kusiya mankhwala osauza munthu. Mu Januwale 2024 zinabwerera ngati zinangopita kukamwa madzi. Nesi sanandikalipire, koma anati mankhwala amenewa amamwedwa miyezi yambiri ngakhale munthu akupeza bwino, ndipo posiya amasiyitsa ndi achipatala. Ndinayambiranso, n'kumwa chaka chathunthu.

Tsiku lina ndinakhala pansi ndi cholembera. Dokotala wolipira R1,100, sing'anga R2,300, mafuta ndi madzi R450, ulendo wa kumudzi R5,000, ndiye ma Loweruka pafupifupi 50 a R300 amene sindinagwire ganyu. Zonse pamodzi zinayandikira R24,000. Nyumba ija inakhala dzinja ziwiri yopanda denga, khoma la kumbuyo n'kugwa ndi mvula. Thandizo limene linandichiritsa linali laulere, pa kiliniki yomwe ija ndinaima pamzere poyamba. Kwa amene muli kumudzi, zipatala zambiri za m'maboma zili ndi anamwino a zamaganizo, ndipo kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuwonjezera pa chipatala cha ku Zomba chimene ine ndinkachiopa dzina. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti wavula zovala pamsewu.

Amalume ndinawaimbira foni mu Okutobala 2023. Ndinayamba ndi kuzungulira, za mvula, za mitengo ya feteleza, kenako ndinangoti, amalume, ndinakulakwirani, ndinamvera zonena za anthu. Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayesa kuti mayunitsi atha. Kenako anati ankadziwa, chifukwa mudzi susunga chinsinsi, ndipo nkhuku ija anabwerera nayo n'kukadya okha. Timalankhulana tsopano, koma sizinabwerere mwakale kwenikweni, ndipo sindiwaimba mlandu.

Mayi ndi amene anandivuta kuwafotokozera, poti Chichewa chilibe dzina limodzi la matendawa. Ndikati mantha, iwo amati mwana wanga sunakhalepo wamantha. Ndikati mtima, amati ndiye upite kuchipatala cha mtima. Mapeto ake ndinawakumbutsa za mbuzi zathu zija, mmene zinkamwazikira kudambo popanda chozithamangitsa, n'kuwauza kuti azungu anatenga dzina la matendawa kuchokera kumeneko. Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo, tikamalankhula Lamulungu madzulo, akatha kufunsa za ntchito ndi za nyengo amafunsa kuti, "Nanga mbuzi zija zili m'khola?" Lamulungu lapitali ndinawayankha kuti imodzi inatuluka Lachitatu ndili pamzere kubanki, koma inabwerera yokha ndisanafike pa kauntala.